Msika wa osewera mu baseball ya ku America: mafunso amene masapota amakanganirana sizoni ikatha

World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha ligi, ikangotha, kumapeto kwa Okutobala kapena m'masiku oyamba a Novembala, mabwalo a Major League Baseball (MLB) amakhala zii mpaka Febuluwale. Pamiyezi imeneyi matimu 30 a ligiyi amakhala pa msika: kusinthana osewera, kusainitsa ena, kutaya ena. Masapota nawo amakhala pa mkangano, uyu akuti timu yathu yaberedwa, uyo akuti mwini timu ndi woumira. Mayankho ali m'munsimu akutsata malamulo a mgwirizano wa 2022 wa pakati pa eni matimu ndi bungwe la osewera, umene unalembedwa kuti udzathe pa 1 Disembala 2026.

Kodi osewera amagulidwa ngati mmene zimakhalira mu mpira wamiyendo?

Ayi. Mu mpira wamiyendo timu imalipira inzake ndalama, kenako n'kukambirana ndi wosewerayo kontrakiti yatsopano. Mu MLB kontrakiti imasamuka limodzi ndi mwini wake, malipiro ndi zaka zotsala osasintha, ndipo timu yolandira imabweza osewera, makamaka achinyamata a m'maligi aang'ono, momwe matimu amakulitsira osewera awo. Wosewera safunsidwa maganizo, pokhapokha ngati ali ndi ufulu wokana umene tiufotokoze kutsogoloku.

Ndalama zikamalowapo, nthawi zambiri zimachokera kwa wogulitsa kupita kwa wogula. Mu Febuluwale 2021 Colorado Rockies inatumiza Nolan Arenado ku St. Louis Cardinals, n'kuwonjezerapo pafupifupi $50 miliyoni zothandizira malipiro ake. Masapota a ku Denver anakwiya, ndipo mkwiyo wawo unali womveka, koma mchitidwewo si wachilendo: ukafuna kuchotsa kontrakiti yolemera, kapena ukafuna kuti akupatse achinyamata abwinoko, umasenza gawo la malipiro. Kugulitsa katswiri ndi ndalama zokhazokha, monga momwe Boston Red Sox inachitira ndi Babe Ruth mu Disembala 1919 pa $100,000, ndi za makedzana.

Free agent ndi ndani, ndipo munthu amafika bwanji pamenepo?

Funso limeneli ndilo tsinde la ena onse. Wosewera amakhala free agent, womasuka kusaina kulikonse, akakwanitsa zaka 6 mu ligi yaikulu ndipo kontrakiti yake yatha. Chaka chimodzi chimawerengedwa ndi masiku 172 amene dzina lake lili pa mndandanda wa timu yaikulu, kuphatikizapo masiku amene wavulala. Zaka za m'maligi aang'ono siziwerengedwa.

Zaka 6 zimenezi zili ndi magawo awiri. Pa zaka 3 zoyambirira timu ndiyo imalamula malipiro, ndipo ambiri amalandira ndalama zoyandikana ndi malipiro otsikitsitsa a ligi: $760,000 mu 2025, $780,000 mu 2026. Ngakhale mnyamata atamenya ma home run 40 (kumenya mpira mpaka kuutulutsa kunja kwa bwalo), alibe pokambira. Pa zaka 3 zotsatira amalowa mu arbitration. Ngati iye ndi timu sanagwirizane, mbali iliyonse imapereka nambala yake mu Januwale, ndipo oweruza atatu amamva mlanduwo n'kusankha nambala imodzi mwa ziwirizo. Saloledwa kuduladula pakati. Gulu laling'ono la osewera amene ali pakati pa zaka 2 ndi 3, maperesenti 22 okhala ndi masiku ambiri, limalowa mu arbitration msanga. Awa ndiwo a Super Two.

Bwalo la arbitration limawononga ubale, chifukwa timu imayenera kunena zofooka za wosewera wake iye ali pomwepo. Mu Febuluwale 2023 Corbin Burnes anapempha $10.75 miliyoni, Milwaukee Brewers inati $10.01 miliyoni, oweruza anagwirizana ndi timu, ndipo Burnes ananena poyera kuti zimene anamva m'chipindamo zinamupweteka. Patatha chaka anamutumiza ku Baltimore.

Timu ikhozanso kukana kupereka kontrakiti kwa wosewera wa mu arbitration ikaona kuti wadula kuposa ntchito yake, ndipo iye amakhala womasuka pompo. Los Angeles Dodgers inatero ndi Cody Bellinger mu Novembala 2022, patangopita zaka 3 chilandirireni MVP, mphoto ya wosewera wopambana onse mu ligi yake.

Nanga lamulo la zaka 6 linachokera kuti?

Kale kontrakiti iliyonse inali ndi ndime yolola timu kumusunga wosewera chaka ndi chaka mpaka atapuma. Mu Okutobala 1969 Cardinals inatumiza Curt Flood ku Philadelphia, iye anakana, n'kukasuma. Khoti lalikulu la dziko la America linamugamulira moipa mu 1972. Chitseko chinatsegulidwa mu Disembala 1975 pamene woweruza Peter Seitz anagamula kuti Andy Messersmith ndi Dave McNally, amene anasewera chaka chathunthu osasaina, ndi omasuka. Mu 1976 bungwe la osewera, motsogozedwa ndi Marvin Miller, linavomera malire a zaka 6. Miller ankadziwa kuti osewera onse akamasuka chaka chilichonse msika udzadzaza, mitengo n'kugwa. Ochepa akamamasuka pa chaka, matimu amawalimbirana.

N'chifukwa chiyani timu imasiya mnyamata wakupsa kale m'ligi yaing'ono sizoni ikamayamba?

Chifukwa cha masiku 172 aja. Sizoni ili ndi masiku pafupifupi 187, choncho timu ikamuchedwetsa masiku 16 okha, chaka chake choyamba sichikwana, ndipo imamusunga masizoni 7 m'malo mwa 6. Chicago Cubs inachita zimenezi ndi Kris Bryant mu 2015: anamaliza chakacho ndi masiku 171. Anadandaula koma analuza mu 2020. Mgwirizano wa 2022 unayesa kutseka mpatawo: amene wathera pa nambala 1 kapena 2 pa mavoti a Rookie of the Year, mphoto ya wosewera watsopano wochita bwino koposa, amapatsidwa chaka chathunthu, ndipo timu yoyambitsa mnyamata wake pa tsiku loyamba ikhoza kupeza mwayi wowonjezera pa draft, pomwe matimu amasankha motsatizana achinyamata atsopano, ngati iye wapambana mphoto.

Zinthu zimatsatana bwanji kuyambira Novembala mpaka Malichi?

Tsiku lotsatira World Series, onse oyenera amakhala ma free agent, koma kwa masiku 5 angasaine ndi timu yawo yakale yokha. Pofika tsiku lachisanu matimu amakhala atapereka ma qualifying offer, amene tiwafotokoze kutsogoloku, ndipo zaka zosankha za m'makontrakiti zagamulidwa. Pakati pa Novembala matimu amateteza achinyamata awo powalemba pa mndandanda wa osewera 40, ndipo chakumapeto kwa mweziwo amataya amene sakuwafunanso. Kumayambiriro kwa Disembala kumakhala Winter Meetings, pomwe mabwana a matimu, maejenti ndi atolankhani amasonkhana mu hotela imodzi. Madilu ambiri akuluakulu amapsa sabata imeneyi kapena moyandikana nayo. Pa 15 Januwale msika wa achinyamata akunja, makamaka a ku Dominican Republic ndi Venezuela, umatsegulidwa. Pakati pa Febuluwale matimu amayamba zokonzekera ku Florida ndi ku Arizona, ndipo sizoni imayamba kumapeto kwa Malichi.

Timu yabwinobwino imagulitsiranji katswiri wake?

Kawirikawiri chifukwa watsala ndi chaka chimodzi ndipo timu yaona kuti sidzakwanitsa, kapena sikufuna, kulipira mtengo wa pa msika. Ikamusunga, imapeza sizoni imodzi kenako mwayi umodzi pa draft. Ikamugulitsa, imapeza achinyamata awiri kapena atatu, aliyense ndi zaka 5 kapena 6 zotchipa.

Pa pepala zimamveka. Vuto ndi loti osewera ena alibe wolowa m'malo. Mu Febuluwale 2020 Red Sox inatumiza Mookie Betts ndi David Price ku Dodgers, n'kulandira Alex Verdugo, Jeter Downs ndi Connor Wong. Cholinga china chinali kutsika pansi pa malire a msonkho umene ligi imalipiritsa matimu olipira osewera ndalama zambiri. Mu Julayi chaka chomwecho Betts anasaina zaka 12 pa $365 miliyoni, ndipo wakhala ali m'timu imene inatenga World Series mu 2020, 2024 ndi 2025. Kwa timu yolemera ngati Boston, dilu imeneyi ndi yovuta kuiteteza.

Wogula nayenso amaika khosi pa mpeni. New York Yankees inapereka osewera asanu, kuphatikizapo woponya mpira Michael King, kuti itenge Juan Soto ku San Diego Padres mu Disembala 2023. Soto anawafikitsa mu World Series ya 2024, analuza kwa Dodgers, ndipo patangopita milungu ingapo anawoloka n'kukasaina ku Mets, mumzinda womwewo. Wina akati Yankees inataya, mufunseni ngati akanafika ku World Series popanda Soto. Wina akati inapindula, mufunseni kuti chikho chili kuti. Mkangano umenewu ulibe woweruza.

Tingadziwe bwanji amene wapambana pa kusinthana?

Musayambire pa mayina. Pa wosewera aliyense funsani zinthu zitatu: watsala ndi zaka zingati m'manja mwa timu, azilandira zingati pa zakazo, ndipo akuyembekezeka kuwonjezera zipambano zingati.

Funso lachitatu limayankhidwa ndi WAR, nambala yoyerekeza masewero amene timu yapambana chifukwa cha iye poyerekeza ndi munthu wamba wongotengedwa m'ligi yaing'ono. WAR ya 2 pa sizoni ndi wosewera wapakatikati wa tsiku ndi tsiku, 5 ndi wa All-Star (mmodzi mwa akatswiri osankhidwa a ligi), 8 ndi wa MVP. Mawebusaiti a ziwerengero a FanGraphs ndi Baseball-Reference amaiwerengera mosiyana, makamaka pa oponya mpira, choncho musasakanize nambala za uku ndi za uko pa mkangano umodzi. Pa msika wa ma free agent, openda ambiri amaika WAR imodzi pa $8 miliyoni kapena kuposerapo pang'ono.

Tiyerekeze. Wosewera woyamba ndi wa WAR 5, watsala ndi chaka chimodzi, alandira $28 miliyoni. Ntchito yake ndi ya $40 miliyoni, phindu la timu ndi $12 miliyoni. Wachiwiri ndi wa WAR 2.5 yokha, koma watsala ndi zaka 5 ndipo pa zaka zonsezo alandira mwina $25 miliyoni. Ntchito yake ndi ya $100 miliyoni, phindu ndi $75 miliyoni. N'chifukwa chake mabwana amakakamira mnyamata amene masapota sakumudziwa n'komwe. N'chifukwa chakenso Christian Yelich, amene anali ndi zaka mpaka 5 za kontrakiti yotchipa, anafunika achinyamata anayi kuti achoke ku Miami kupita ku Milwaukee mu Januwale 2018. Anatenga MVP chaka chomwecho, ndipo mwa anayi aja palibe amene anadzakhala katswiri ku Miami.

Apa ndi pamene masamuwa amafooka. Kugula wachinyamata kuli ngati kugula chimanga chidakali chachiwisi m'munda: mtengo ndi wotsika chifukwa mvula ikhoza kudula. Ambiri mwa achinyamata otamandidwa safika pamene anthu ankayembekezera, ndipo oponya mpira amagwa kwambiri chifukwa cha chigongono ndi phewa. Chachiwiri, m'bwalo mumalowa anthu 9 okha, choncho osewera awiri a WAR 2.5 salingana ndi mmodzi wa WAR 5 kwa timu imene ikulimbirana chikho. Chachitatu, chipambano chimodzi chili ndi mtengo wosiyana kwa timu imene ikuyembekezeka kupambana masewero 86 mwa 162, yomwe ili pakhomo pa ma playoff (masewero ochotsana olimbirana chikho), ndi kwa imene ipambane 65. Dilu imodzimodziyo ikhoza kukhala yanzeru kumbali zonse ziwiri. Magiredi amene atolankhani amapereka usiku womwewo ndi ongosangalatsa. Zenizeni zimaoneka pakapita zaka 4 kapena 5.

Qualifying offer ndi chiyani, ndipo n'chifukwa chiyani osewera amadana nayo?

Ndi kontrakiti ya chaka chimodzi imene timu ingapereke kwa free agent wake, pa mtengo wa avereji ya malipiro a osewera 125 olandira zambiri mu ligi. Kumapeto kwa 2024 inali $21.05 miliyoni, kumapeto kwa 2025 inali $22.025 miliyoni. Imaperekedwa kwa amene wakhala m'timumo sizoni yonse, ndipo munthu sangapatsidwe kawiri pa moyo wake.

Akaikana n'kukasaina kwina, timu yakale imalandira mwayi wowonjezera pa draft ndipo yatsopano imalangidwa. Timu yolipira msonkho imataya mwayi wake wachiwiri ndi wachisanu pa draft, kuphatikizapo $1 miliyoni ya thumba losainira achinyamata akunja. Timu yolandira thandizo la ndalama kuchokera ku ligi imataya wachitatu wokha. Zotsalazo zimataya wachiwiri ndi $500,000.

Kwa munthu ngati Soto chilangocho sichiletsa aliyense. Chimapweteka wosewera wabwino koma wosakhala katswiri, wa zaka 31 kapena 32, pakuti matimu amachotsera mtengo wa chilangocho pa malipiro ake. Mu 2019 Dallas Keuchel ndi Craig Kimbrel anakhala pakhomo mpaka Juni, draft itadutsa ndipo chilango chitafafanizika, m'pamene anapeza matimu.

Ngati kulibe malire a malipiro, msonkho umene umatchulidwawu ndi wotani?

MLB ilibe salary cap, malire osadumphika a malipiro a timu yonse, yonga ya maligi ena a ku America, NFL kapena NHL. Ili ndi msonkho wolipidwa ndi timu imene malipiro ake onse adutsa malire: $237 miliyoni mu 2024, $241 miliyoni mu 2025, $244 miliyoni mu 2026. Chaka choyamba kudutsa, msonkho ndi 20 peresenti ya ndalama zopitirira malirewo. Chachiwiri chotsatizana 30. Chachitatu ndi kupitirira 50. Pamwamba pake pali zowonjezera timu ikadutsa ndi $20 miliyoni, $40 miliyoni ndi $60 miliyoni. Gawo lomalizali linaikidwa mu 2022 ndipo anthu amalitcha msonkho wa Cohen, potengera Steve Cohen, mwini Mets. Timu yodutsa ndi $40 miliyoni imabwezedwanso m'mbuyo malo 10 pa mwayi wake woyamba wa draft.

Timu imene ili pa gawo lapamwamba kwa chaka chachitatu imalipira 110 peresenti. Wosewera wa $20 miliyoni amaidyera $42 miliyoni. Ikatsika pansi pa malire kwa sizoni imodzi, kuwerenga kumayambiranso, ndiye mukaona timu yolemera ikuumira mwadzidzidzi chaka china, monga Yankees ndi Dodgers mu 2018, nthawi zambiri ikukonzekera msika wotsatira. Dziwaninso kuti msonkho umawerengera avereji ya pachaka ya kontrakiti yonse, osati ndalama zimene wosewera walandira chaka chimenecho.

Kodi kontrakiti ya Ohtani inali chinyengo?

Inali yololedwa ndi malamulo. Mu Disembala 2023 Shohei Ohtani anasaina zaka 10 pa $700 miliyoni ndi Dodgers, koma amalandira $2 miliyoni yokha pa chaka. Zotsala, $680 miliyoni, adzalandira kuyambira 2034 mpaka 2043 popanda chiwongoladzanja. Popeza dola ya 2040 ndi yopepuka kuposa ya lero, ligi inawerengera kontrakitiyo pafupifupi $46 miliyoni pa chaka pa nkhani ya msonkho, osati 70, komanso osati 2 monga ena amanenera. Timu imakakamizidwanso kuika padera ndalama zochedwetsedwazo pasanathe zaka ziwiri chigwirireni ntchitoyo. Ohtani anatha kuvomera izi chifukwa amapeza ndalama zambiri potsatsa malonda.

Choncho poyerekeza makontrakiti musatengeke ndi nambala ya pamutu wa nkhani. Ya Soto ndi Mets, zaka 15 pa $765 miliyoni, ilibe ndalama yochedwetsedwa, ndipo pa mtengo wa lero imaposa ya Ohtani ndi pafupifupi $300 miliyoni, osati 65.

Kuchedwetsa malipiro si kwatsopano. Mets inamasula Bobby Bonilla mu 2000 ili ndi ngongole ya $5.9 miliyoni kwa iye, n'kugwirizana kuti izimupatsa pafupifupi $1.19 miliyoni pa 1 Julayi chaka chilichonse kuyambira 2011 mpaka 2035.

N'chifukwa chiyani makontrakiti ataliatali ambiri amatha moipa, nanga matimu amawaperekeranji?

Chifukwa cha msinkhu. Omenya mpira ambiri amakhala pachimake ali ndi zaka 26 mpaka 29, ndipo chifukwa cha lamulo la zaka 6, ambiri amafika pa msika ali ndi 29 kapena 30. Timu imalipira zimene munthu anachita kale. Makontrakiti a MLB ndi otsimikizika: kaya wavulala, kaya wafooka, kaya mwamuchotsa, ndalama zonse alandira.

Albert Pujols anasaina zaka 10 pa $240 miliyoni ndi Angels mu Disembala 2011 ali ndi zaka 31, ndipo anamuchotsa mu Meyi 2021 kontrakiti isanathe. Stephen Strasburg, atangotenga MVP wa World Series ya 2019, anasaina zaka 7 pa $245 miliyoni ndi Washington Nationals. Thupi linakana ndipo pa kontrakitiyo anaponya ma inning osakwana 32 (masewero amodzi amakhala ndi ma inning 9). Oponya mpira ndiwo oopsa kwambiri kuwagula, chifukwa mtsempha wa m'chigongono ukaduka, opaleshoni ya Tommy John imadya miyezi 12 mpaka 18. Burnes uja anasaina zaka 6 pa $210 miliyoni ku Arizona, n'kuchitidwa opaleshoniyi mu Juni wa sizoni yake yoyamba.

Komabe Max Scherzer, pa zaka 7 ndi $210 miliyoni ku Washington kuyambira 2015, anatenga kawiri Cy Young, mphoto ya woponya mpira wopambana onse mu ligi yake, ndi World Series kamodzi. Matimu amadziwa bwino kuti zaka zitatu zomaliza zidzakhala zotayika. Amazitenga ngati mtengo wa zaka zisanu zoyambirira. Kutalikitsa kontrakiti kumatsitsanso avereji ya msonkho, n'chifukwa chake Bryce Harper anapatsidwa zaka 13 pa $330 miliyoni ku Philadelphia mu 2019. Funso lanzeru si loti "adzakhala bwanji ali ndi zaka 39", koma loti timuyo ili pafupi bwanji ndi chikho pa zaka zinayi zikubwerazi.

Nanga bwanji osangomusainitsa adakali mwana?

Matimu ochenjera amatero. Atlanta Braves inapatsa Ronald Acuña Jr. zaka 8 pa $100 miliyoni mu Epulo 2019, ndipo Milwaukee inapatsa Jackson Chourio zaka 8 pa $82 miliyoni asanasewere ngakhale kamodzi mu ligi yaikulu. Mnyamata amagulitsa zaka zake za ufulu kuti apeze chitetezo lero. Ena amakana n'kubetcha pa thupi lawo: Aaron Judge anakana $213.5 miliyoni sizoni ya 2022 isanayambe, anamenya ma home run 62, n'kusaina zaka 9 pa $360 miliyoni.

Atolankhani alengeza kuti agwirizana. Zingathekenso kulephereka?

Zingatheke, mpaka madokotala a timu atamupima. Mu Disembala 2022 Carlos Correa anagwirizana ndi San Francisco Giants zaka 13 pa $350 miliyoni. Tsiku lomuonetsa kwa atolankhani, mwambowo unaimitsidwa chifukwa madokotala anakayikira mwendo wake wamanja, umene unathyoka pafupi ndi kakolo mu 2014. Usiku womwewo anagwirizana ndi Mets zaka 12 pa $315 miliyoni, nawonso anakayikira mwendo womwewo. Mu Januwale anabwerera ku Minnesota Twins pa zaka 6 ndi $200 miliyoni zotsimikizika. Pa kusinthana osewera, matimu amapatsana mafayilo a zachipatala, ndipo chithunzi chimodzi cha MRI chikhoza kusintha dilu yonse.

Opt-out, option ndi ufulu wokana kusamutsidwa zimasiyana bwanji?

Club option ndi chaka chowonjezera chimene timu ndiyo imasankha. Ikakana imalipira kandalama kotsanzikira. Player option ndi opt-out zimapereka chisankho kwa wosewera. Opt-out, mwayi wotuluka m'kontrakiti isanathe, imaika chiopsezo chonse pa timu: akachita bwino amachoka kukafuna zambiri, akachita zoipa amakhala n'kumalandira. Mutual option imafuna kuti onse awiri avomere, zimene sizichitikachitika. Kwenikweni ndi njira yokankhira ndalama zina ku chaka chamawa.

Ufulu wokana kusamutsidwa umalembedwa m'kontrakiti, kapena umabwera wokha kwa amene wakwanitsa zaka 10 mu ligi, 5 zomaliza ali m'timu imodzi.

N'chifukwa chiyani osewera ena amafika Malichi asanasaine?

Ejenti amadikira kuti timu ina ichite mantha, kapena kuti wina avulale pa zokonzekera. Scott Boras ndiye wodziwika ndi njirayi, ndipo nthawi zina imabweza moto. Kumayambiriro kwa 2024 osewera ake anayi, Bellinger, Matt Chapman, Blake Snell ndi Jordan Montgomery, onse anatsirizira pa makontrakiti aafupi okhala ndi mwayi wotuluka. Snell, amene anali atangotenga Cy Young, analandira zaka 2 pa $62 miliyoni mu Malichi, anayamba sizoni moipa chifukwa chosakonzekera mokwanira, anadzuka theka lachiwiri, anatuluka, n'kupeza zaka 5 pa $182 miliyoni ku Dodgers. Montgomery sanadzukenso chaka chimenecho.

Osewera a ku Japan amabwera motani?

Amene sanamasuke kwawo amadutsa mu posting: timu yake imamulengeza, iye ali ndi masiku 45 okambirana ndi matimu onse 30, ndipo timu yomutenga imalipira ya ku Japan 20 peresenti ya $25 miliyoni zoyamba, 17.5 peresenti ya $25 miliyoni zotsatira, ndi 15 peresenti ya zotsala. Pa kontrakiti ya Yoshinobu Yamamoto, zaka 12 pa $325 miliyoni, Orix Buffaloes inalandira pafupifupi $50.6 miliyoni. Apa pokha ndi pamene pakufanana ndi mpira wamiyendo.

Msinkhu ndiwo umagamula. Wosakwana zaka 25 amatengedwa ngati wachinyamata wakunja, ndipo amangolandira bonasi yochokera m'thumba lochepa lija. Roki Sasaki, pa zaka 23, analandira $6.5 miliyoni mu Januwale 2025.

Timadilu ting'onoting'ono ta mu Novembala timachokera pati?

Pa kupanikizana kwa mndandanda wa osewera 40. Wachinyamata amene wakhala m'maligi aang'ono masizoni 5, ngati anasaina ali ndi zaka 18 kapena kucheperapo, kapena masizoni 4 ngati anasaina atakula, ayenera kulembedwa pa mndandandawu. Apo ayi timu ina ikhoza kumutenga pa Rule 5 draft mu Disembala ndi $100,000. Yomutengayo iyenera kumusunga m'timu yaikulu sizoni yonse, kupanda kutero imamubweza pa $50,000. Roberto Clemente anapita ku Pittsburgh mwa njira imeneyi mu 1954. Kuti malo apezeke, matimu amagulitsa motchipa osewera a m'mphepete. Gift Ngoepe wa ku South Africa, munthu woyamba wobadwira mu Africa kusewera mu MLB, anachoka ku Pittsburgh kupita ku Toronto mu Novembala 2017 pa dilu ya mtundu umenewu.

Mphekesera tizizikhulupirira mpaka pati?

Funsani kuti ikupindulira ndani. "Matimu asanu akumufuna" nthawi zambiri ndi mawu a ejenti wofuna kukweza mtengo. "Tinayesetsa koma anakana" ndi mawu a timu yofuna kuziziritsa masapota. Mu Disembala 2023 anthu ambirimbiri anatsatira pa intaneti ndege yochoka ku California kupita ku Toronto pokhulupirira kuti muli Ohtani. Munalibe, ndipo mawa lake analengeza yekha pa Instagram kuti wasankha Dodgers. Dikirani atolankhani awiri odziwika, monga Jeff Passan ndi Ken Rosenthal, atchule zaka ndi ndalama, ndipo samalani ndi maakaunti abodza otengera mayina awo.

Kodi timu yogula kwambiri ndiyo imatenga chikho?

Ndalama zimathandiza kufika mu ma playoff, koma sizigula Okutobala, mwezi wa ma playoff. Mu 2023 matimu atatu olipira kwambiri, Mets, Yankees ndi Padres, onse anatsala kunja. Mets inapambana 75 n'kuluza 87. Chaka chomwecho Texas Rangers inatenga chikho motsogozedwa ndi Corey Seager ndi Marcus Semien, amene inawagula pa $500 miliyoni awiriwo kumapeto kwa 2021. Dodgers itatenga kawiri motsatizana, mawu ofuna salary cap anakula pakati pa eni matimu ndi masapota a mizinda ing'onoing'ono. Osewera amaikana kotheratu; nkhani imeneyi ndiyo inabweretsa sitiraka ya 1994 imene inafafaniza World Series. Iwo amaloza eni matimu amene amalandira thandizo la ligi koma osagula aliyense.

Mgwirizano wa eni matimu ndi osewera ukatha, msika umatani?

Ukhoza kuima. Pa 2 Disembala 2021 eni matimu anatsekera osewera kunja, ndipo kwa masiku 99 kunalibe kusaina, kusinthana, ngakhale kulankhulana pakati pa timu ndi osewera a pa mndandanda wa 40. Podziwa zimenezi, maejenti anathamangitsa madilu m'masiku omaliza a Novembala: Seager, Semien, ndi Scherzer amene anatenga zaka 3 pa $130 miliyoni ku Mets. Atagwirizana pa 10 Malichi 2022, ntchito ya miyezi itatu inachitika m'milungu itatu. Atlanta inatenga Matt Olson ku Oakland, Freddie Freeman n'kupita ku Dodgers pa zaka 6 ndi $162 miliyoni, ndipo sizoni inayamba pa 7 Epulo ndi masewero onse 162.